Mawayilesi musamatidulire nyimbo pakati, tiyimbireni chimbale chonse

Akonzi,

Ndiloleni kamalo mu nyuzi yanu ndidandauleko nkhani imene ena aiona ngati yaying'ono poyerekeza ndi mavuto amene tili nawo kuno ku Kasungu, koma ine yandikhala pamtima kuyambira Lamulungu lapitali mpaka ndalephera kungoisiya. Madzulo a tsikulo ndinali pamalo panga pamsika ndikulongedza kuti ndiziweruka, wayilesi ili chitsegulire, nde pa siteshoni ina imene sinditchula dzina panali pologalamu ya nyimbo zakale zakunja. Mnyamata woulutsayo anaika What's Going On ya Marvin Gaye, woimba wa ku America, ine kungomva anthu aja akupatsana moni koyambirira kuja ndi kulira kwa sakisofoni ndinasiya zonse nkukhala pansi. Koma nyimbo isanafike ndi pakati pomwe iye anayamba kulankhula pamwamba pake, moni kwa auje, moni kwa auje, kenako nkunena kuti iyi nde ya okondana gwiranani manja, basi nkuidula kuika ina.

Akonzi nyimbo ija si yachibwenzi ayi. Ndiponso siyofunika kuimvera payokha, ndi khomo chabe lolowera m'chimbale chathunthu cha nyimbo 9 chimene dzina lake ndi lomwelo, ndipo amene wamva khomo lokhalo nkubwerera sanalowe m'nyumba.

Ine ntchito yanga ndi yobena nyimbo, kutchaja mafoni ndi kukonza timawayilesi, ndinayamba nthawi ya makaseti, kubwera ma CD, pano ndi memore khadi ndi mafulashi. Nde nyimbo zadutsa m'manja mwanga zosawerengeka, za kuno kwathu, za ku Zambia, za ku Congo, za ku Joni, za ku Nigeria zimene achinyamata akuzifuna kwambiri masiku ano. Koma chimbale ichi sindinachidziwire pa ntchito, ndinachidziwira pakhonde pa nyumba ya amayi kumudzi kwathu cha ku Chulu ndili mnyamata.

Achimwene anga aakulu, amene pano anatisiya, anali msilikali. Chakumapeto kwa ma 1980 anali m'gulu la asilikali a dziko lino amene anatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya kumeneko. Atabwera ku tchuthi anabwera ndi wayilesi ya kaseti ndi matepi angapo m'chikwama, ife ana tinasangalala zedi, koma munthuyo sanali yemwe uja tinkamudziwa. Kale anali wanthabwala, wokonda mpira, pakhomo pakakhala iye sipankakhala zii. Ulendo umenewo ankangokhala duu, chakudya kungotapako pang'ono, usiku tulo osabwera, amayi akafunsa za kumene anali ankangoti zinali bwino mayi, basi nkhani yathera pompo. Anthu akagona iye ankatulutsa mpando pakhonde nkuika tepi imodzi yomweyomweyo motsitsa, mbali yoyamba ikatha kutembenuza, ikatha kutembenuzanso. Ntchito yanga inali yobweza tepi ndi bolopeni kuti tisamalize mabatire, ndipo masana mabatirewo tinkawayanika padzuwa kuti abwerere kamphamvu. Pachikuto panali munthu wandevu atavala jasi lakuda lamvula, madontho ali mbuu kumutu, akuyang'ana kutali. Chizungu changa nthawi imeneyo chinali cha ku pulayimale, mawu sindinkawamva, ndinkangodziwa kuti nyimbo yachiwiri ikayamba achimwene ankaweramitsa mutu.

Ndinadzamva tanthauzo lake patapita zaka zambiri iwo atapita kale, ndipo tsiku limenelo ndinalira ngati maliro achitika kumene. Nyimbo yachiwiriyo, What's Happening Brother, ndi mawu a msilikali amene wangobwera kuchokera ku nkhondo, wafika kwawo koma akuoneka ngati mlendo, akufunsa m'bale wake kuti zinthu zikuyenda bwanji kuno, ntchito sakuipeza, ndalama yavuta, akufunsa ngati anthu amavinabe kumalo kumene ankavina kale, akufunsa za timu yake ngati ikuchita bwino. Timafunso ting'onoting'ono ta munthu amene akufuna kubwerera m'moyo wake wakale koma sakudziwa polowera. Zimene achimwene analephera kuuza amayi, munthu wa ku America amene sanapondepo ku Kasungu anali atawanenera kale mu 1971.

Ndipo sizinangochitika mwangozi. Marvin Gaye anali ndi mng'ono wake dzina lake Frankie amene anakamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam, atabwerako anamufotokozera mkulu wake zimene anaona kumeneko, nde chimbale chonsechi chinalukidwa ngati kuti tikuyenda ndi msilikali ameneyo m'misewu ya kwawo akuona mmene dziko lasinthira. Marvin mwiniwakeyo nthawi imeneyo mtima unali wosweka kale, Tammi Terrell amene ankaimba naye nyimbo za awiri anamwalira mu March 1970 ndi chotupa cha mu ubongo ali ndi zaka 24 zokha, ndipo iye anakhala nthawi osafuna kukwera pa siteji. Anthu ankamudziwa ngati woimba za chikondi wovala suti yooneka bwino, kampani ya Motown ya ku Detroit inkapanga naye ndalama mwa njira imeneyo ndipo sinkafuna kuti asinthe.

Nyimbo yoyamba ija anaiyamba ndi munthu wina, Renaldo Benson wa gulu la Four Tops, amene mu May 1969 ali paulendo ku Berkeley m'chigawo cha California anaona ndi maso ake apolisi akumenya achinyamata ochita zionetsero. Zinamukhudza, anakalemba nyimboyo pamodzi ndi Al Cleveland, koma anzake a m'gulu anaikana ati ndi yandale. Inadzafika kwa Marvin amene anaikonzanso, kuwonjezera mawu ake ndi mayimbidwe ake, nkuijambula mu June 1970. Apa nde panabuka nkhani, chifukwa mwini kampani Berry Gordy sanafune kuti ituluke, ankaopa kuti iwononga msika wa woimba wake. Tsono tangoganizani, Berry Gordy sanali bwana chabe, analinso mlamu wake, poti Marvin anakwatira Anna mlongo wake wa Gordy. Ife Achewa tikudziwa kulemera kwa kutsutsana ndi mlamu amene ndi yemwenso akukudyetsa. Koma Marvin anakanirira, ananena kuti sajambulanso nyimbo ina iliyonse mpaka imeneyo itatuluka, ndipo anakhaladi miyezi. Inadzatuluka mu January 1971, anthu anaigula ngati mandasi otentha, inafika pa nambala 2 pa mndandanda waukulu wa nyimbo wa magazini ya Billboard ku America ndi pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo za R&B. Ndalama zitayamba kulowa mpamene bwana anafewa nkumuuza kuti apange chimbale chonse msanga. Mbali yaikulu ya ntchitoyo anaigwira m'masiku 10 a mwezi wa March, chimbale nkutuluka pa 21 May 1971.

Chaka chimenechotu ndi chomwe Kamuzu, mwana wa kuno ku Kasungu, analumbira kukhala pulezidenti wamuyaya, ndipo amene tinakula nthawi imeneyo tikudziwa kuti funso loti kodi chikuchitika nchiyani m'dziko muno sunkalifunsa mokweza, ngakhale m'nyumba mwako unkayamba wayang'ana pawindo. Mwina nchifukwa chakenso achimwene ankaika tepi ija motsitsa chonchija.

Tsono chimene ndikulimbikira kuti chimbalechi chizimvedwa chonse ndi kapangidwe kake. Nyimbo zake sizithera pa zii ngati mmene zimakhalira zina, imodzi ikamatha inzake yalowa kale, ng'oma zam'manja zija sizisiya, gitala ya bezi ikungopitiriza, moti pa mbali yoyamba ya tepi nyimbo 6 zimamveka ngati nyimbo imodzi yaitali ndipo ukapanda kusamala sudziwa kuti wachoka pa ina wafika pa ina. Zili ngati mmene amayi amachitira pa mtondo kapena pa maliro usiku, wina akamatsitsa nyimbo wina wayambitsa kale ina pa kugunda komweko, palibe amene amaima kuti tsopano tayamba ina. Ndipo kumapeto kwenikweni kwa nyimbo yomaliza mayimbidwe a nyimbo yoyamba aja amabwereranso, kukhala ngati wazungulira mudzi wonse wafikanso pamene unayambira. Ine pa ntchito yanga ndimaona mmene izi zimaonongekera, ukadula chimbalechi kukhala mafayilo 9 nkuthira mu memore khadi, foni imazisakaniza ndi nyimbo zina 500, nyimbo ya kulirira ana ikangotha mwadzidzidzi pakubwera ya kudansi, ndipo polumikizira paja pamamveka kuduka ngati munthu wamutseka pakamwa ali pakati polankhula.

Taonani mmene nkhani yake imayendera. Msilikali uja akatha kufunsa mafunso ake, nyimbo yachitatu Flyin' High imatsika pansi, yozizira, ngati munthu akuyandama, ndipo ikunena za munthu amene wagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, akudziwa yekha kuti akudziwononga koma kusiya akulephera. Ena mwa anyamata amene anabwera kuchokera ku Vietnam anagwa m'dzenje limeneli. Kwathu kuno dzina lake ndi kachasu, chamba, ndi timabotolo totchipa tija anyamata akumwa m'mawa kuseri kwa mashopu, ndipo sindibisa, achimwene anga naonso chimene chinawafupikitsira moyo ndi botolo. Sindiwaweruza. Nditamva nyimboyi ndi makutu a munthu wamkulu ndinazindikira kuti kumwa kuja kunali kufuna tulo.

Kuchoka apo imabwera Save the Children pamene Marvin amayamba walankhula mawu kenako nkuwaimba, ngati mlaliki ndi womasulira wake pa guwa, akufunsa kuti ndani amene asamale za dziko limene ana adzakulire. Bambo ake anali mlaliki ndipo iye anayambira kuimba m'tchalitchi, zimenezi zimamveka poyera mu God Is Love ndi Wholy Holy, moti amayi anga amene chizungu sankachimva ndi pang'ono pomwe tsiku lina anafunsa achimwene ngati tepiyo inali ya kwaya.

Koma imene ndikufuna alimi anzanga a kuno aimve bwino ndi Mercy Mercy Me, yotsekera mbali yoyamba. Mu 1971, anthu ambiri asanayambe nkomwe kukamba za kusintha kwa nyengo, munthu uyu ankalira kuti thambo lija lapita kuti, mphepo yadzaza poizoni, mafuta atayikira m'nyanja, nsomba zadzaza mankhwala oopsa, nyama ndi mbalame zikufa, nthaka ipirira mpaka liti. Ine ndikamaimva sindiona nyanja za ku America ayi, ndimaona njira yochokera kumudzi kwathu kubwera pa boma pano. Ndili mwana munali mitengo ya tsamba, mombo, masuku, bowa tinkangozula kuseri kwa nyumba, lero ndi zitsa zokhazokha. Mitengo inathera m'mabalani ochizira fodya, ina pa zigafa, yotsala ikutuluka m'matumba a makala pa njinga m'bandakucha uliwonse. Sindikunyoza mlimi wa fodya, ine ndemwe sukulu ndinaphunzira ndi ndalama ya mabelo ndipo theka la makasitomala anga amabwera akagulitsa ku Chinkhoma, msika ukatsekedwa nanenso ndimauma. Koma mitsinje imene inkakhala ndi madzi chaka chonse pano pofika September ndi mchenga, mvula ikubwera mochedwa nkudula pakati chimanga chili pa ngaiyaye, ndipo anthu a m'malire mwa paki ya Kasungu akulimbana ndi njovu m'minda maka chibwerere zija 263 anazisamutsa kuchoka ku Liwonde mu 2022. Nyimbo ya mphindi zitatu zokha koma zonsezi zimakwanamo.

Mbali yachiwiri imayamba ndi Right On imene imapitirira mphindi 7, ndivomere kuti ndili mnyamata inkanditalikira, ndinkafuna kuidumpha koma achimwene sankalola kuti munthu akhudze batani. Pano ndimaikonda chifukwa cha chitoliro chija ndi mmene imakupumitsira usanafike pa yomaliza.

Yomalizayo ndi Inner City Blues, ndipo imeneyi bwenzi atangoimasulira m'Chichewa nkuiika pa wayilesi anthu angaganize kuti yajambulidwa sabata yatha ku Lilongwe. Munthu akudandaula kuti boma likuthira ndalama pa zotumiza zombo ku mwezi osauka ali manja lende, ndalama ukangoigwira yatengedwa kale, mitengo ya zinthu ikungokwera, ngongole zaunjikana, msonkho sakwanitsa, mwana wamutumiza kukafa kutali, apolisi sachedwa kuwomba mfuti, mpaka akungofuna kukuwa nkukweza manja m'mwamba. Ife amene tinaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, amene timati tikasunga ya thumba la feteleza pofika tsiku logula mtengo wasintha, sitifunika mphunzitsi kuti atiuze tanthauzo la nyimbo imeneyi. Ndipo za mwana wotumizidwa kutali sizachilendo kwa ife, mu November 2018 asilikali athu 6 anafera ku Congo pa ntchito yosungitsa mtendere, mu January 2025 tinatayanso ena komweko. Amene amabwerako amoyo timawalandira ndi nthungululu pabwalo la ndege, koma ndani amakawafunsa patapita miyezi itatu kuti usiku akugona bwanji?

Chimene chimandigwira mtima nchakuti m'chimbale chonsechi munthuyu satukwana aliyense. Nkhani ndi zowawa koma mawu ndi ofewa, akuitana amayi, abambo, achimwene, ngati mmene munthu amayambira nkhani pa bwalo la mfumu. Ndipo mukamvetsera bwino mumva ngati Marvin alipo awiri, wina akuimba pansi wina pamwamba akuyankhana. Izi zinayamba molakwitsa, anajambula mawu kawiri kuti asankhepo amodzi, wa makina mu situdiyo nkuwatsegula onse pamodzi, iye atamva anati zisiyeni choncho, nde inakhala njira yake mpaka kutsogolo. Mawu a anthu ocheza koyambirira kuja ena mwa iwo ndi anzake osewera mpira wa ku America mu timu ya Detroit Lions, Mel Farr ndi Lem Barney. Bezi ya nyimbo yoyamba ija anaimba ndi James Jamerson, zoimbira za nsambo anakonza ndi David Van De Pitte, ndipo pa chimbale ichi mpamene anyamata oimba zida a ku Motown, amene anagwira ntchito zaka zambiri mayina awo osalembedwa paliponse, anaona mayina awo pachikuto. Ichi oimba athu achitengerepo phunziro, chifukwa kuno woimba gitala ndi wa kiyibodi amangopatsidwa ya thiransipoti dzina lake osamveka.

Marvin Gaye anafa imfa yomvetsa chisoni, anawomberedwa ndi bambo ake omubereka ku Los Angeles pa 1 April 1984, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 45. Mu 2020 magazini ya Rolling Stone itasanja zimbale 500 zopambana inaika chimenechi pa nambala 1. Chimbale chomwe chija bwana ankachiopa.

Kwa oimba athu achinyamata, ine sindikudana ndi nyimbo zanu, ndimazibena tsiku ndi tsiku ndipo zina ndi zokoma kwabasi, luso lilipo. Ndikudziwanso kuti situdiyo ndi yodula ndipo kutulutsa nyimbo imodziimodzi nkuiponya pa WhatsApp ndi pa YouTube nkumene kukubweretsa mashoo. Koma mukati mwatulutsa chimbale nthawi zambiri zimangokhala nyimbo 15 zosadziwana zaunjikidwa pamodzi, iyi ya chibwenzi, iyi yonyoza mnzako, iyi yothokoza bwana wina. Kodi palibe mmodzi amene angakhale pansi nkutiyimbira nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Nkhani zake nzosasowa. Tenanti amene wabwera ndi banja lake pa esiteti, wagwira chaka chonse akudya ya ngongole, fodya atagulitsidwa akuuzidwa kuti palibe chotsala. Mnyamata wa digiri amene akupalasa kabaza pa depoti. Mtsikana amene anapita kunja kukagwira ya m'nyumba nkubwera wopanda kanthu. Kale tinali nawo anthu ochita zotere, malemu Evison Matafale ndi malemu Lucius Banda ankatulutsa matepi oti munthu unkamvera mbali zonse ziwiri osadumpha ndipo ukamaliza unkakhala kaye chete. Njira imeneyo isafe nawo.

Nde pempho langa kwa eni mawayilesi, a boma ndi oima paokha ngakhale a m'madera omwe, ndi ili. Tipatseni ola limodzi lokha pa sabata, kaya Lamulungu usiku, loti muziika chimbale chimodzi chonse osadula, osalankhula pamwamba, osaponyamo malonda pakati. Woulutsa ayambe wafufuza, atifotokozere m'Chichewa kwa mphindi 10 kuti anaimba ndani, chaka chanji, zinthu zinali bwanji nthawi imeneyo, nyimbo iliyonse ikunena chani, kenako akhale chete. Sabata ino chakunja, sabata yamawa cha kuno kwathu. What's Going On ndi mphindi 35 ndi kanthu basi, moti nthawi yotsalayo anthu atha kuimba foni kunena zimene amva. Nanunso akonzi mutatipatsa kadanga mu nyuzi muno kolemba za zimbale m'chilankhulo chathu, osati kungolemba kuti woimba uje wakwatira kapena wasiyana ndi uje, ambiri tingamawerenge.

Tepi ya achimwene ija ndikadali nayo mu sutikesi, inadyedwa ndi wayilesi malo awiri ndinailumikiza ndi selotepi, siimbanso bwino. Mwana wawo wamwamuna, amene bambo ake anamusiya ali wamng'ono ndipo pano ndi bambo wa ana atatu, anabwera mwezi wathawu kudzatchajitsa foni nkundifunsa kuti kodi bambo anga ankakonda nyimbo zanji. Ndinamuikira chimbale chonsechi ngati fayilo imodzi yosadula kuti foni isachisakanize, ndinamuuza kuti akamvere usiku ana atagona ndipo asakhudze batani mpaka chithe. Anabweranso patapita masiku awiri, anakhala pa benchi nthawi yaitali osalankhula, kenako anandipempha kuti ndimufotokozere nyimbo yachiwiri ija liwu ndi liwu.

Ndine wanu wowerenga,
Wobena nyimbo pamsika, Kasungu boma